Mafunso ndi mayankho: misitu yakalekale ndi kudula mitengo moseseratu

Nyengo yodzala mitengo ikatsegulidwa pa 15 Disembala, mafunso omwewomwewo amabwerera m'masukulu, m'mipingo ndi m'magulu a pa WhatsApp muno mu Blantyre. Tawasonkhanitsa pano. Ena ndi a anthu ongofuna kudziwa, ena ndi a anthu amene nkhaniyi inawakwana, ndipo amenewo tawasiya monga anafunsira.

Msitu wakalekale ndi wotani? Si nkhalango ngati ina iliyonse?

Ayi. Nkhalango zambiri za m'Malawi ndi zija za mombo, tsamba, mtondo ndi masuku. Zimayoyola masamba m'chilimwe, pansi pake pamamera udzu, moto umadutsamo chaka ndi chaka, ndipo mukadula mtengo chitsa chimaphukanso. Msitu ndi wina. Umamera kumene mvula ndi nkhungu zimachuluka, m'zigwa ndi m'mbali za mapiri zimene chiperoni chimafikira, ndipo umakhala wobiriwira chaka chonse. Tikati wakalekale tikunena umene sunagwetsedwepo kwa zaka mazanamazana, moti muli mitengo ya misinkhu yonse, kuyambira kamtengo kofika m'bondo mpaka nkhalamba imene anthu anayi sangaizungulire atagwirana manja.

Amene analowapo m'chigwa cha Ruo ku Mulanje akudziwa. Dzuwa lili paliwombo, koma pansi pali kamdima ndi kachisanu. Udzu mulibe. Phazi limamira m'masamba owola, ndipo mukafukula pang'ono dzanja limatuluka lonyowa ngakhale mu Okutobala. Mkweranyani ndi mbawa zimakwera mamita 30 kapena 40, thunthu lowongoka, nthambi kumwamba kokha. Zilambe zikulendewera, ndere zakuta makungwa, chipika chimene chinagwa kalekale chikuwola ndipo pamsana pake pamera bowa ndi timitengo tatsopano. Chipika chowolacho, pamodzi ndi mphako za mitengo yokalamba momwe mumakhala njuchi, mileme ndi mbalame, ndi zimene simudzazipeza m'nkhalango yodzala.

Nanga kudula moseseratu n'kutani?

Ndi kugwetsa mtengo uliwonse pamalopo, waukulu ndi waung'ono womwe, n'kusiya zitsa ndi nthambi zokha: kulimeta phiri mpala. Makampani a matabwa amaikonda njirayi chifukwa njotchipa. Amalambula msewu kamodzi, makina amalowa, m'masabata ochepa malo onse ayera. Njira ina ndi yosankha mitengo ingapo yokhwima n'kusiya yotsalayo. Yosankhayo njabwinoko, koma isatipusitse. Mtengo waukulu ukamagwa umakoka anzake omangana nawo ndi zilambe, ndipo msewu wotulutsira zipika ndi womwewo umene mawa pamalowera owotcha makala, osaka nyama ndi ofuna minda.

Chimene chimapha msitu kwenikweni chimabwera odulawo atachoka. Dzuwa limafika pansi, masamba aja amauma, moto umalowa. Mitengo ya mumsitu ili ndi makungwa opyapyala ndipo siipirira moto monga amachitira mombo. Chonde chake chambiri chinali m'mitengo momwemo ndi m'kadothi kapamwamba, ndiye mvula ikagwa mwamphamvu nyengo ziwiri kapena zitatu chimapita chonse kumtsinje. Pamalopo pamabwera udzu wautali ndi zitsamba zaminga, zimene zimapsanso chaka chamawa.

Misitu yotereyi si ya ku Amazon ndi ku Congo? Kuno ilipo?

Ikuluikulu ili komweko, komanso ku Indonesia ndi ku Papua New Guinea. Ilinso ina m'mayiko ozizira, monga kugombe la British Columbia ku Canada ndi ku Alaska, kumene kuli mitengo ya zaka zoposa 1,000. Yathu ndi timagawo ting'onoting'ono tomwazikana m'mapiri: ku Misuku, ku Nyika, ku Mkuwazi m'boma la Nkhata Bay, ku Ntchisi, ku Zomba, ku Mulanje, ndi m'mapiri a ku Nsanje. Kuchepa kwakeko ndi kumene kukuchititsa nkhaniyi kukhala yachangu. Msitu wa mahekitala mazana angapo anthu a macheka angathe kuumaliza m'zaka zowerengeka, ndipo zamoyo zina za m'menemo kulibe kwina kumene zingathawire. Ku Nsanje kuli kananzikambe kakang'ono kotchedwa dzina la Chapman kamene kwawo kwenikweni ndi timisitu ta m'mapiri a kumeneko. Akatswiri ankaopa kuti kanatha, mpaka pamene anakapezanso mu 2016 m'timagawo totsalira pakati pa minda.

Kutsidya kwa malire, ku Mozambique, kuli phiri la Mabu lomwe msitu wake, wa mahekitala pafupifupi 7,000, asayansi anauzindikira mu 2005 poyang'ana zithunzi za Google Earth. Anthu a m'midzi yozungulira ankaudziwa kale, n'zachidziwikire. Mabu akutisonyeza mmene mbali zina za Mulanje ndi Thyolo zinkaonekera.

Ndiye kuti mapiri a mu Blantyre analinso ndi misitu?

Funsani aliyense amene anakulira mu Ndirande m'ma 1970 ndi 1980. Phirilo linali lokutidwa ndi mitengo, yodzala m'munsi ndi yachilengedwe chakumtunda. Inatha m'zaka zoyambirira za m'ma 1990, nthawi yosintha ndale, pamene mantha a boma lakale anachoka koma dongosolo lina losamalira nkhalango linali lisanakhazikike. Soche anatsata pang'onopang'ono, nyumba zikukwera phiri. Michiru ndiye anapirira nthawi yaitali kuposa onse, ndipo pano nayenso akudyeka ndi nkhwangwa ndi mauvuni a makala.

Chachisoni kwambiri ndi phiri la Thyolo. Msitu wake unali wodziwika kwa okonda mbalame pa dziko lonse chifukwa cha kambalame kotchedwa Thyolo alethe, kamene kamatsatira mzere wa linthumbu n'kumatola tizilombo tothawa. Chakumapeto kwa m'ma 1990 ndi kumayambiriro kwa m'ma 2000 msituwo unasanduka minda, n'kutsala tizigawo ta m'minda ya tiyi. Ku Mulanje, msitu wa Chisongeli unapita mwanjira yomweyo. Dziwani kuti m'malo onsewa munalibe kampani yaikulu ya makina. Anali manja, nkhwangwa, macheka ndi moto, koma mapeto ake n'chimodzimodzi ndi kudula moseseratu.

Tikudzala mitengo mamiliyoni chaka chilichonse. Vuto lili pati? Wadula umodzi, dzala khumi.

Funso ili ndi limene limabwera kwambiri, ndipo yankho lake ndi limene anthu safuna kulimva. Kudzala mitengo n'kwabwino, koma sikubweza msitu. Mbande khumi za bulugamu kapena paini ndi munda wa mitengo. Mtundu ndi umodzi, msinkhu ndi umodzi, pansi pake ndi pouma, ndipo pakatha zaka zingapo idzadulidwa. Mumsitu muli mitundu yambirimbiri yodalirana. Mbewu za mitengo ina zimamera pokhapokha pamthunzi. Zina zimafalitsidwa ndi anyani, mileme kapena mbalame zikuluzikulu zodya zipatso, ndipo nyamazo zikasowa pokhala mbewu sizifika patali. Mizu yambiri imadya mothandizana ndi bowa wa m'nthaka, amene amafa dothi likapsa ndi dzuwa. Zonsezi simungazike m'machubu kunazale.

Palinso nkhani ya kukula. Kafukufuku wa mu 2018 wa nkhalango za m'mayiko osiyanasiyana anapeza kuti mtengo umodzi pa 100 iliyonse, waukulu kuposa inzake, ukaphatikizidwa ndi anzake otero amasenza pafupifupi theka la kulemera kwa mitengo yonse ya m'nkhalangomo. Wodula matabwa amalunjika pa mitengo yomweyo. Choncho akachotsa zimphona zochepa, wachotsa gawo lalikulu la mpweya wa kaboni umene nkhalangoyo inasunga, mthunzi wake ndi mbewu zake. Mbawa imene macheka a injini amaigwetsa munthu asanamalize kumwa tiyi, mdzukulu wa wodzalayo ndi amene angadzaione itafika msinkhu womwewo, ngati moto ndi mbuzi zaileka.

Ndipo tinene chilungamo pa mamiliyoni aja. Timawerenga mbande zimene zalowa m'dothi tsiku la mwambo, nduna itavala magambutsi, makamera akujambula. Sitibwererako mu Okutobala kukawerenga zimene zapulumuka. Malawi analonjeza kubwezeretsa mahekitala 4.5 miliyoni a malo owonongeka pofika 2030, ndipo lonjezolo ndi labwino. Koma ndalama yolipira mlonda wa msitu umene ulipo kale imagula zambiri kuposa ndalama yomweyo itapita ku mbande zodzala pamalo amene msitu unachoka. Choyamba chikhale kuteteza zimene zaima. Kudzala kubwere pambuyo, ndipo cholinga chake china chikhale kupereka nkhuni ndi milimo kuti anthu asalowe mumsitu.

Mkungudza wa ku Mulanje unatha zoona?

Mitengo yake ikuluikulu ya m'phirimo inatha, inde. Mkungudza, umene asayansi amautcha Widdringtonia whytei, umamera mwachilengedwe pa phiri la Mulanje pokha, ndipo mu 1984 unalengezedwa kukhala mtengo wa fuko lathu. Matabwa ake amanunkhira, sawola msanga ndipo chiswe sichiwakonda, n'chifukwa chake ankafunidwa pa madenga, zitseko, mabwato ndi timabokosi togulitsa kwa alendo. Phirilo ndi lotetezedwa ndi lamulo kuyambira 1927, koma kalembera wa mu 2017 anapeza mitengo yokhwima 7 yokha, ndipo chaka chotsatira inali itapita.

Unatha motani? Thabwa limodzilimodzi, pamutu. Ocheka amagwetsa mtengo, amaika chipika pa thandala, wina pamwamba wina pansi akukoka sowo tsiku lonse, utuchi ukugwera m'maso mwa wapansiyo. Kenako anyamata amasenza matabwa olemera n'kutsika nawo njira zamiyala zimene mlendo amatsika chogwira ndi manja, ena opanda nsapato, kuti alandire ndalama yosakwana kugula thumba la chimanga. Phindu lenileni linkatsalira kwa amene amadikira ndi lole kumunsi. Moto wa osaka nyama, nsabwe za mitengo zimene zinafika m'ma 1980, ndi paini womera yekha zinamalizitsa ntchitoyo.

Bungwe la Mulanje Mountain Conservation Trust, mogwirizana ndi Forestry Research Institute of Malawi ya ku Zomba ndi Botanic Gardens Conservation International, lakhala likudzalanso mbande zochokera m'manazale a m'midzi yozungulira phiri. Ntchitoyo njoyamikika. Koma amene akuigwira ndi omwe angakuuzeni bwino kuvuta kwake: moto umodzi wa mu Seputembala umafafaniza thukuta la zaka zisanu.

Ine ndimakhala ku Chilomoni, sindipita kuphiri. Zikundikhudza bwanji?

Tsegulani mpopi. Madzi ambiri a mzinda uno amapopedwa kuchokera mu Shire pa Walker's Ferry, mtunda wa makilomita pafupifupi 40, ndipo amakwezedwa chitunda chonsecho ndi magetsi. Ena amachokera mu damu la Mudi, limene limamwa m'phiri la Ndirande, ndipo ena amabwera ndi mapaipi kuchokera ku Likhubula m'phiri la Mulanje. Msitu umagwira mvula ndi nkhungu, madzi amalowa pansi mwapang'onopang'ono n'kumatuluka m'akasupe mpaka chilimwe. Pamalo oyera madzi amathamanga tsiku lomwelo atanyamula dothi. Zotsatira zake ndi mitsinje yosefukira mu Januwale, youma mu Okutobala, ndi matope odzaza m'madamu amene amafuna mankhwala ambiri kuti madzi ayere. Mtengo wa zonsezo umabwera pa bilu yanu.

Magetsi n'chimodzimodzi. Nkula, Tedzani ndi Kapichira zonse zili pa Shire, ndipo matope ndi zinyalala zochokera kumtunda zimachepetsa madzi osungidwa ndi kudya makina. Magetsi akazima, banja limene likanaphikira pa hotipuleti limagula makala, ndipo makalawo amachokera m'nkhalango zomwezo zimene zikanateteza mtsinje.

Kodi mitengo ikanakhalapo, anthu a ku Chilobwe sakanafa pa Freddy?

Apa tisanamizane. Mu Malichi 2023 namondwe wa Freddy anagwetsa mvula ya miyezi ingapo m'masiku ochepa, ndipo anthu oposa 1,000 anamwalira kapena kusowa m'dziko muno. Mvula yotere imagumula phiri ngakhale la mitengo. Napolo wa ku Zomba mu 1946 ndi wa ku Phalombe mu 1991 anachitika mapiri asanayere monga lero. Choncho amene anganene kuti mitengo ikanaletsa zonse akuwonjeza.

Chimene mitengo imachita ndi kumanga dothi lapamwamba ndi mizu, kuchedwetsa madzi, ndi kutchinga miyala ina isanafike patali. Imachepetsa kugumuka kwa apo ndi apo kumene kumabwera ndi mvula yamphamvu ya chaka ndi chaka. Komanso pali china chosavuta kumva: pamene paima nkhalango yotetezedwa sipakhala nyumba. Ku Soche anthu anamanga m'njira za madzi chifukwa malo a m'tauni ndi odula ndipo pamenepo ndi pamene panapezeka poyera. Kuwaloza chala osauka amene anamanga pamenepo, osafunsa amene anagulitsa malowo ndi amene anayang'ana kumbali, n'kusaweruza bwino.

Akudula ndani kwenikweni, makampani kapena anthu osauka?

Zimatengera dziko. Ku Canada ndi makampani okhala ndi zilolezo za boma. Ku Brazil nkhalango yambiri imagwetsedwa pofuna malo odyetsera ng'ombe ndi olima soya. Ku Indonesia ndi ku Malaysia ndi minda ya kanjedza wa mafuta ndi mitengo ya mapepala. Ku Congo ndi minda ya anthu wamba ndi makala, monga kuno. Bungwe la Global Forest Watch linawerengera kuti mu 2024 madera otentha a dziko lapansi anataya mahekitala 6.7 miliyoni a misitu yakale, gawo lalikulu chifukwa cha moto. Malo amenewo ndi oposa theka la Malawi yense.

Kwathu kuno wogwira nkhwangwa ndi wosauka, koma womutuma ali m'tauni. Imani pamsewu wochokera ku Zalewa m'bandakucha muone njinga zikubwera, iliyonse matumba atatu kapena anayi osokerera pamwamba ndi timitengo ndi luzi, mwini wake akukankha pachitunda malaya atanyowa. Makalawo achokera ku Neno, ku Mwanza, ena kutsidya kwa malire, ndipo akupita ku Ndirande, ku Bangwe, ku Namiwawa ndi ku Nyambadwe komwe. Mabanja oposa 9 pa 10 aliwonse m'Malawi amaphikira nkhuni kapena makala. Ife olemba tsamba lino tili m'gulu lomwelo, ndipo n'chifukwa chake sitikhulupirira kuti kulanda njinga kungathetse vutoli.

Pamwamba pa makala pali malonda a mitengo yamtengo wapatali yopita kunja. Mu 2016 anthu 35, ena a ku Mozambique ndi ku China, anagwidwa akudula tsanya ndi makina mu Lengwe National Park, ndipo khoti linawapeza olakwa. Mu 2019 Malawi ndi amene anapempha kuti mukula ulowe pa mndandanda wa CITES, pangano la mayiko loyang'anira malonda a nyama ndi zomera, wa mitengo yoyenera kugulitsidwa kunja ndi chilolezo chokha, ndipo mu 2022 mbawa, mlombwa ndi msambamfumu zinalowanso.

Kunja anthu amachita kugona pamsewu kutchinga malole. Zimathandiza?

Nthawi zina. Mu 1993 ku Clayoquot Sound, pa chilumba cha Vancouver ku Canada, anthu oposa 800 anamangidwa chifukwa chotchinga msewu wa odula mitengo, ndipo m'zaka zotsatira kudula moseseratu kunachepa kwambiri m'deralo. Mu 2016 boma la British Columbia, mitundu ya eni nthaka, makampani ndi mabungwe anagwirizana kuti magawo 85 pa 100 a nkhalango ya Great Bear asadulidwe, patatha zaka pafupifupi 20 akukangana. Ku Fairy Creek, pa chilumba cha Vancouver chija, zionetsero zimene zinayamba mu 2020 zinamangitsa anthu oposa 1,000.

Nkhani ya Fairy Creek ili ndi mbali imene ochita zionetsero sakonda kuitchula. Atsogoleri osankhidwa a mtundu wa Pacheedaht, eni dera limenelo, anapempha obwerawo kuti achoke, chifukwa mtunduwo umapezako ndalama ku matabwa ndipo sunafune kuuzidwa zochita ndi alendo, ngakhale akulu ena a mtundu womwewo anali mbali ya zionetsero. Boma linaimitsa kudula m'chigawocho mu 2021 pamene eni nthakawo anapempha okha. Ife a m'tauni amene timakwera Mulanje pa holide n'kubwerako titakwiya tiyenera kuiganizira bwino nkhaniyi.

Ena analipira ndi moyo. Chico Mendes, mtsogoleri wa okolola mphira ku Amazon, anawomberedwa kunyumba kwake ku Xapuri mu Disembala 1988. Wangari Maathai wa ku Kenya anamenyedwa mu 1999 poteteza nkhalango ya Karura mu Nairobi, ndipo nkhalangoyo ilipo mpaka lero pakati pa mzinda. Umboni waukulu wakuti boma likafuna zimatheka ndi Brazil: mu 2004 Amazon ya m'dzikolo inataya masikweya kilomita oposa 27,000, koma pofika 2012 chiwerengerocho chinatsika kufika pafupifupi 4,600, chifukwa choyang'anira ndi masetilaiti, kulanda katundu wa ophwanya lamulo ndi kulemekeza malire a eni nthaka. Ndale zitasintha chinakweranso, kenako n'kutsikanso kwambiri kuyambira 2023.

Lamulo lathu likuti chiyani?

Lamulo la Zankhalango la 1997, lomwe linakhwimitsidwa mu 2020, limaletsa kudula mitengo, kulima, kumanga kapena kuyatsa moto m'nkhalango yotetezedwa popanda chilolezo. Kuwotcha, kunyamula ndi kugulitsa makala kumafunanso chilolezo, ndipo khoti lingathe kulamula ndende, chindapusa ndi kulanda galimoto imene yanyamula katunduyo. Lamulo losamalira chilengedwe la 2017 limapatsa munthu aliyense ufulu wokhala m'malo aukhondo ndi abwino, komanso mwayi wokadandaula kukhoti, ndipo limafuna kuti ntchito zikuluzikulu monga migodi ziunikidwe kaye mmene zingawonongere malo. Mfundo imeneyi njofunika ku Mulanje, kumene miyala ya bauxite, yopangira aluminiyamu, ya pa Lichenya yakhala ikukopa ofuna migodi, pamene phirilo linalowa pa mndandanda wa malo a chikhalidwe a UNESCO mu 2025.

Malamulowo pa pepala ndi okwanira. Chosowa ndi alonda okwanira, galimoto, mafuta, ndi chilungamo chofanana kwa wa njinga ndi wa lole. Asilikali anatumizidwapo ku Dzalanyama ndi ku Viphya. Kudula kumachepa iwo ali pomwepo, koma msasa ukachoka anthu amabwerera, poti njala ndi msika zimakhala zikadalipo.

Ku Chikangawa amadula moseseratu. Nakonso n'kulakwa?

Osati mwa iko kokha. Chikangawa ndi munda wa paini wa mahekitala pafupifupi 53,000 umene unadzalidwa kuti udzakololedwe, ndipo paini amakololedwa chigawo chonse nthawi imodzi n'kudzalanso. Cholakwika kumeneko chinali kukolola mothamanga osadzalanso mokwanira, ndi moto wa chaka ndi chaka. Munda wa paini woyendetsedwa bwino ndi bwenzi la msitu, chifukwa kalipentala amene wapeza paini wabwino pamtengo wofikirika safunsa za mbawa.

Mukuti anthu asalowe m'nkhalango. Adye chiyani?

Sitikunena zimenezo, ndipo kumene zinayesedwa zinabala udani wokha. Anthu a m'mphepete mwa nkhalango amapezamo nkhuni zouma, bowa, uchi, masuku, mankhwala, nsungwi ndi udzu, ndipo zambiri mwa izi zingatengedwe msitu osawonongeka. Lamulo limalola midzi kugwirizana ndi Dipatimenti ya Zankhalango kuti isamalire chigawo cha nkhalango n'kumapindula nacho, komanso kukhala ndi nkhalango yakeyake pansi pa mfumu ndi komiti ya zachilengedwe. Kumene mgwirizano woterewu umagwira ntchito ndi kumene phindu limaoneka m'manja mwa anthu: ming'oma ya njuchi, malipiro a operekeza alendo ndi onyamula katundu ku Likhubula, ganyu yolambula njira zotchinga moto, ndalama za mbande. Kumene komiti imangokhala ya mfumu ndi abale ake, anthu amadula usiku.

Luso losunga msitu si lachilendo kwa ife. Yendani m'midzi ya ku Chiradzulu kapena ku Thyolo kumene minda yafika paliponse. Mukaona kagulu ka mitengo ikuluikulu yachilengedwe kataima pakati pa chimanga, simufunsa, mukudziwa kuti ndi manda. Ku Nsanje, msitu wa Khulubvi kumene kuli kachisi wa Mbona wasungidwa mibadwomibadwo popanda waya kapena mfuti. Pamalo amenewa aliyense amadziwa mwini wake, malire ake ndi chimene chingamuchitikire akadula. Nkhalango ya boma nthawi zambiri imasowa zitatu zomwezo.

Nanga ndalama za kaboni zimene tikumva?

Ganizo lake ndi lakuti mayiko ndi makampani otulutsa utsi wambiri alipire amene akusunga nkhalango. Likhoza kuthandiza, koma m'mayiko ena kafukufuku wapeza mapulojekiti amene anakokomeza kuchuluka kwa nkhalango imene anapulumutsa. Mudzi usanasaine kanthu ufunse kuti mgwirizanowo ndi wa zaka zingati, ndalama zidzafika kwa yani ndi motani, ndipo n'chiyani chimene anthu adzaletsedwe kuchita pamalo awo. Pepala likhale m'Chichewa.

Ndikumanga nyumba ku Chileka. Ndigule matabwa otani?

Pa denga ndi pa shatala paini ndi bulugamu zimakwana, makamaka zothiridwa mankhwala a chiswe. Pa zitseko ndi mipando ndi pamene mtima umalakalaka mbawa kapena mlombwa. Mukafika pamsika wa matabwa ku Ndirande kapena ku Limbe, funsani kumene achokera ndipo pemphani kuona chilolezo. Wogulitsa angakusekeni ulendo woyamba, koma ogula akachuluka ofunsa, nayenso amayamba kufunsa amene amamubweretsera. Mbawa yodzala pamunda wa munthu ilipo, ndipo malaina amapanga mipando yabwino kuposa mmene ambiri amaganizira. Chilichonse chimene akuti ndi mkungudza watsopano, kaya thabwa kaya kabokosi ka pamsewu, chisiyeni.

Kukhitchini, amene angathe asamukire ku gasi kapena magetsi, poti mabanja opeza bwino ndi amene amagula matumba akuluakulu. Amene sangathe, mbaula yosunga moto ndi chivundikiro pa poto zimachepetsa makala, ndipo nyemba zonyika usiku zimapsa msanga. Makala a chilolezo ochokera m'mitengo yodzala ndi mabriketi amapezeka m'masitolo ena mumzinda muno.

Ndikaona anthu akudula m'nkhalango yotetezedwa ndichite chiyani?

Musalimbane nawo. Amakhala ndi nkhwangwa ndi zikwanje, ndipo alonda a nkhalango enieniwo avulazidwapo pa ntchito imeneyi. Sungani m'mutu malo, tsiku ndi nthawi. Ngati pali galimoto ndipo mungathe kuona nambala yake muli patali, ilembeni. Kaneneni ku ofesi ya zankhalango ya boma lanu, kupolisi yapafupi, ndi kwa mfumu kapena komiti ya m'deralo, ndipo pakapita sabata bwereraniko mukafunse chimene chachitika. Dandaulo lolembedwa ndi kusainidwa ndi gulu, monga mpingo, sukulu kapena kalabu ya Wildlife and Environmental Society of Malawi, limavuta kulitaya kusiyana ndi foni ya munthu mmodzi. Ngati akudulawo akuti ali ndi chilolezo, lamulo lopatsa anthu mwayi wopeza zikalata za boma, limene linayamba kugwira ntchito mu 2020, limakulolani kupempha kuti muone chilolezocho, malire ake ndi amene anachisaina. Mapu a Global Forest Watch pa intaneti ndi aulere, ndipo amasonyeza chaka ndi chaka pamene mitengo yachoka pa Michiru, pa Zomba kapena pa Mulanje, moti mungathe kusindikiza tsambalo n'kupita nalo kwa khansala kapena phungu wa dera lanu.